FED, Canonet kapena Yashica: Kamera yakale ya filimu imene mungaikonze nokha muli ku Kasungu

FED, Canonet ndi Yashica onse ndi makamera a mtundu wa rangefinder. Kamera yotere mumaizindikira ndi timawindo tiwiri kutsogolo kwake, ndipo zina zili ndi titatu. Mukasuzumira, pakati pa chithunzi pamaoneka kabanga kachikasu kamene chinthu chimaonekeramo pawiri. Mumapotoza lenzi mpaka ziwirizo zitakhala chimodzi, ndiye kuti mwalunjika. Leica inayamba kulumikiza kachipangizoka ndi lenzi mu 1932, ndipo mafakitale a ku Soviet Union ndi ku Japan anapanga makamera otere mamiliyoni. Ambiri adakalipo, ena ali m'masutikesi a agogo amene anagwirapo ntchito ku Joni kapena ku Harare, ena amagulitsidwa pa intaneti.

Munthu wa ku London amasankha kamera poyang'ana ubwino wa lenzi, chifukwa ikawonongeka mmisiri ali pafupi. Wa pa Kasungu boma, wa ku Santhe kapena ku Nkhamenya funso lake ndi lina: ikafa, ndingaidzutse patebulo langa popanda sipeya yochokera kunja? Ikufuna batire limene silipezekanso? Ipirira fumbi la mu Seputembala ndi chinyezi cha mu Febuluwale? Tiyeze makamerawa ndi muyezo umenewo.

Za ku Soviet Union: FED 2, Zorki 4 ndi Kiev 4

FED 2 inkapangidwa ku Kharkiv kuyambira 1955 mpaka 1970. Ilibe batire, ilibe mita yoyezera kuwala, ilibe waya ngakhale umodzi wofunika pojambula masana. Shata yake, chitseko chimene chimatseguka kuti kuwala kufike pa filimu, ndi makatani awiri a nsalu yopaka labala, othamanga chopingasa. Liwiro lake limayambira pa 1/25 kapena 1/30 ya sekondi, kutengera chaka chimene inapangidwa, mpaka 1/500, kuphatikizapo B, pamene shata imakhala yotsegula nthawi yonse imene mwadina batani. Kusowa kwa maliwiro apang'onopang'ono ena amakuona ngati chilema, koma kwa wokonza yekha ndi mwayi, chifukwa timagiya ta maliwiro amenewo n'timene timayamba kuuma m'makamera akale. Timawindo take tatalikirana mamilimita 67, choncho imalunjika bwino kuposa makamera ambiri odula. Chivundikiro chakumbuyo chimachoka chonse, ndiye makatani mumawaona ndi maso. Lenzi ndi yomanga ngati chitsekerero cha botolo, ya mazinga a M39, ndipo nthawi zambiri mupezapo Industar-26M kapena Industar-61, zonse za f/2.8 (nambala ya f imasonyeza kukula kwa bowo lolowetsa kuwala mu lenzi; nambala ikachepa, bowo lakula).

Zorki 4 ya ku Krasnogorsk, ya 1956 mpaka 1973, ili ndi windo lalikulu lowala bwino, maliwiro kuyambira sekondi imodzi mpaka 1/1000, ndipo kawirikawiri imabwera ndi Jupiter-8 ya 50mm f/2, lenzi yokoma kwambiri pa nkhope za anthu. Koma ili ndi lamulo limene mukaliphwanya mulira: musasinthe liwiro musanakokere filimu. Kakhomo kosankhira liwiro kamazungulira limodzi ndi shata, ndipo mukakakamiza shata isanakokedwe, kachitsulo kamkati kamagwera malo olakwika n'kumangitsa zonse. Zorki zambiri zimene anthu amati zinafa zinafa ndi dzanja la munthu wongoyesa kuti aone. Chizolowezi chokoka kaye n'kusintha pambuyo chisungeni pa kamera iliyonse ya ku Soviet Union, FED yomwe.

Kiev 4 ndi kamera yotengera Contax ya ku Germany, yopangidwira ku Kyiv nkhondo yachiwiri itatha. N'njokongola, imalunjika mwaluso, koma shata yake ndi timalata tolumikizidwa ndi timaliboni tiwiri, ndipo kaliboni kakaduka ntchito yake ndi ya mmisiri amene anatsegulapo zambiri. Ngati muli nayo ndipo ikuyenda, jambulani. Ngati mukugula yoyamba, idutseni. Leica M3 ya 1954 nayo tiidutse: n'njabwino kuposa zonsezi, koma mtengo wake ungagule feteleza wa munda wonse, ndipo si kamera yophunzirirapo kumasula.

Za ku Japan: Canonet QL17 GIII ndi Yashica Electro 35

Izi lenzi yake siichoka, ndipo shata ili mkati mwa lenzi, timasamba tachitsulo totseguka ngati duwa. Siziphokosera, mungajambule m'tchalitchi osasokoneza kwaya.

Canonet QL17 GIII inatuluka mu 1972. Lenzi ndi 40mm f/1.7, maliwiro 1/4 mpaka 1/500. Mita yake inkafuna batire la mercury la 1.35V lotchedwa PX625, limene analetsa kupanga. Pali njira zitatu. Batire la alkaline la 1.5V limalowa, koma limanamiza mita: likakhala latsopano zithunzi zimada, ndipo mphamvu yake imatsika pang'onopang'ono, choncho bodzalo silikhazikika kuti mulizolowere. Batire la makina othandiza kumva, la nambala 675, limapereka 1.4V yokhazikika ndipo limayenda bwino mukalizunguliza kamphira kapena kapepala kolimba kuti lisagwedere, koma limayamba kutha mukangomatula kachomata kake, kaya mukujambula kaya ayi, ndipo silipitirira miyezi yochepa. Njira yachitatu ndiyo yabwino kuno: chotsani mphete pa A, pamene kamera imasankha yokha bowo, sankhani nokha bowo ndi liwiro. Shata ya Canonet ndi ya masipulingi, imagwira popanda batire.

Yashica Electro 35, ya 1966, ndi yosiyana. Lenzi yake ya 45mm f/1.7 ndi yakuthwa, ndipo mita yake imachita bwino usiku, koma liwiro limasankhidwa ndi magetsi basi. Popanda batire imangowombera pa 1/500. Batire lake lakale linali la 5.6V, koma imalola 6V: tengani 4LR44, kapena ma LR44 anayi omanga ndi selotepi, kulungani ndi katoni kuti likwane m'bowo, n'kuwonjezera kasipulingi kapena kampira ka pepala la aluminiyamu kuti lifike. Vuto lake lalikulu ndi kalabala kakang'ono ka mkati, kokhuthala pafupifupi mamilimita 2, kamene kamasungunuka ndi ukalamba. Mukamakoka filimu, kamera yamoyo imamveka "gu" mkati. Mukapanda kumva, kalabala kanatha, ndipo maliwiro amasokonekera. Kukasintha n'kotheka, podula kachidutswa ka labala yolimba n'kukamata ndi guluu, koma pamafunika kuchotsa chivundikiro chapamwamba n'kugwira ntchito pakampata kopapatiza, kapena kuchotsa lenzi yonse pamodzi ndi timawaya take. Komanso makamera ambiri otere anasungidwa batire lili momwemo, linatuluka madzi n'kudya waya. Tsegulani chipinda cha batire musanalipire. Mukaona zobiriwira ngati ndere, dziwani kuti dzimbiri layenda m'waya mpaka mkati.

Kunena mosapita m'mbali: wofuna kuphunzira kukonza atenge FED 2. Wofuna kujambula maukwati ndi ana osavutika, ndipo wapeza Canonet imene timasamba take tikutseguka msanga, atenge imeneyo. Yashica itengeni pokhapokha mwaiyesa ndi batire n'kuona timagetsi take, kofiira ndi kachikasu, tikuyaka, ndiponso kuti shata ikuchedwa kutseka mukaphimba mita ndi chala.

Zimene mungakonze patebulo lanu

Yambani ndi kutayikira kwa kuwala. Makamera a ku Japan anatsekedwa m'mphepete mwa chitseko ndi siponji yakuda, imene pofika pano inasanduka phula. Imadetsa filimu, ndipo zithunzi zimatuluka ndi mizere yofiira kapena yoyera, makamaka mbali ya mahinjesi. Palani ndi kamtengo kotokosera m'mano konyowetsa ndi isopropyl alcohol, amene okonza mafoni amatsukira mabodi. Sipiriti wapepo wa ku sitolo amasiya utoto, musamugwiritse. M'timakwalala topapatiza lowetsani ulusi wakuda wolukira majuzi, wongomata apo ndi apo, ndipo pa hinjesi matani siponji kapena feliti yokhuthala milimita imodzi ndi theka. Mukakhuthalitsa, chitseko chimapindika ndipo kuwala kumalowa kuposa kale. FED ndi Zorki sizidalira siponji, chivundikiro chake chimalowa m'mphako.

Makatani a nsalu ayezeni usiku. Chotsani lenzi ndi chivundikiro, zimitsani nyali, walitsani tochi ya foni kutsogolo n'kuyang'ana kumbuyo. Kokani shata, onani katani yoyamba, wombani, onani yachiwiri. Timabowo ngati nyenyezi timatsekeka ndi penti wakuda wa pansalu, wopaka mopyapyala kawiri kapena katatu, kusiya tsiku lathunthu kuti aume musanakoke. Penti wokhuthala amalemeretsa katani n'kuchedwetsa shata. Katani ikakhala yolimba ngati chikopa chouma, yosweka ming'alu, penti sangathandize, ikufunika yatsopano. Ndipo bowo lalikulu lozungulira, lopsa m'mbali, ndi ntchito ya dzuwa: lenzi yosavundikira imasonkhanitsa kuwala pa nsalu monga momwe ana amayatsira pepala ndi galasi. Dzuwa la mu Okutobala kuno silichedwa. Kamera ya makatani musaisiye chagada pampando wa galimoto kapena pamkeka.

Timasamba ta shata ya Canonet tikamata, chifukwa chake ndi mafuta amene anayenderera kuchoka m'mazinga a lenzi. Chotsani galasi lakutsogolo ndi sipanala ya mano awiri, kapena kampasi yachitsulo ya ku sukulu yofupikitsa nsonga, dontheza mafuta a laita a naphtha pa kathonje, pukutani timasamba mopepuka, wombani kangapo, bwerezani mpaka thonje lisiye kuda. Musathire ambiri, amatsikira pa galasi lamkati. Ngati pakatha masiku awiri tamatanso, ndiye kuti mafuta ali pansi ndipo shata ikufunika kumasula yonse. Timasamba timayenda touma. Mafuta a makina osokera ndi WD-40 apha makamera ambiri kuposa mvula. Dziwaninso kuti timasikulu ta ku Japan ndi ta mtundu wa JIS, ndipo sikuludiraiva wamba ya Phillips imatsetsereka n'kudya mutu. Kanikizani mwamphamvu, potozani pang'ono.

Kulunjika ndiye mtima wa nkhaniyi, ndipo apa FED ndi Zorki zimakomera wokonza. Ikani lenzi pa chizindikiro cha kutali kotheratu, yang'anani chinthu chakutali kopitirira kilomita imodzi, nsonga ya phiri la Kasungu, nsanja ya mafoni, kapena mwezi usiku. Zithunzi ziwiri zija zikuyenera kugwirizana. Ngati zasiyana cham'mbali, masulani kasikulu kophimba kamene kali pafupi ndi windo losuzumira kutsogolo, mkati mupeza kena kakang'ono. Kapotozeni pang'ono kwambiri, ngati gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu a kuzungulira, n'kuyang'ananso. Ngati chimodzi chakwera china chatsika, chotsani mphete ya windo lozungulira n'kutembenuza kagalasi kamkati. Kagalasiko kamasunthanso za m'mbali, choncho yambani ndi za m'mwamba, mumalize ndi za m'mbali. Kenako yezani chapafupi: matani selotepi yosawala, yooneka ngati chifunga, pa njanji zimene filimu imadutsa, ikani shata pa B, tsegulani bowo lonse, ikani nyuzipepala pa mita imodzi yeniyeni kuyeza kuchokera pamene pakhala filimu, ndipo yang'anani selotepiyo ndi galasi lokulitsa. Ngati kabanga kakuti mwalunjika koma zilembo pa selotepi sizikuwerengeka, kamutu ka mkono umene umakhudza kumbuyo kwa lenzi kakufunika kupendeketsa pang'ono ndi pulayala yokulunga nsalu. Mukatero bwererani ku phiri, chifukwa ziwirizi zimakokana. Kawiri kapena katatu zimakhazikika.

Chinthu chimodzi musachikhudze. Mkati mwa windo losuzumira muli kagalasi kopendekeka kokutidwa ndi siliva kapena golide wopyapyala kwambiri, kamene kamapanga kabanga kaja. Kukapukuta kamodzi kokha, utoto umachoka ndipo kabanga kamazimiririka mpaka kalekale. Pukutani magalasi enawo, ako kapemerereni mphepo basi.

Lenzi ikalimba popotoza, girizi wakale anauma. Musanalekanitse mazinga, lembani ndi singano pamene akusiyanirana, chifukwa ali ndi polowera pangapo ndipo polondola ndi pamodzi. Tsukani ndi naphtha, pakani girizi wopepuka wa lithium wochepa ngati njere ya mpunga.

Nokha, okonza mawotchi, kapena kutumiza kunja

Mmisiri wa mawotchi wa pamsika ali ndi maso, manja ndi zida zoyenera timasipulingi, koma anazolowera kuthira mafuta, ndiye muwauze bambowo mwaulemu kuti pa timasamba ndi pa makatani pasafike dontho. Okonza mafoni ndi amene angakuthandizeni pa waya wodyeka wa Yashica kapena Canonet, chifukwa kuwotcherera timawaya ndiyo ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku. Khalani pomwepo, jambulani ndi foni sitepe iliyonse, ndipo timasikulu muziike m'thireyi ya mazira motsata dongosolo limene tachokera. Kutumiza kwa mmisiri wa makamera ku South Africa kapena ku Ulaya kumayenera Leica kapena kamera ya chikumbutso cha banja. Pa FED, ndalama yotumizira yokha ingagule ina, ndipo yakufayo imasanduka nkhokwe ya masipeya.

Kusunga nako ndi gawo la kukonza. Kuyambira Novembala mpaka Epulo chuku chimamera m'magalasi ngati ulusi wa kangaude, ndipo chikakhalitsa chimadya utoto wa galasi. Chikwama chachikopa chimene kamera inabwera nacho ndiye nyumba ya chuku. Ichotseni m'menemo, iikeni m'kontena ya pulasitiki yotseka bwino pamodzi ndi timatumba ta silika topezeka m'mabokosi a nsapato, ndipo timatumbato muzitiumitsa pamoto wochepa mwezi uliwonse. Nyengo ya fumbi, musasinthe lenzi panja, ndipo galasi lipemerereni musanalipukute, chifukwa mchenga wa kuno umakanda.

Filimu yanji

Ambiri amathamangira ISO 400 (nambala ya ISO ikakula, filimu imafuna kuwala kochepa), monga Ilford HP5 Plus kapena Kodak Tri-X, poti ndi yotchuka. Koma werengani. Padzuwa lowala, bowo ndi f/16 ndipo liwiro ndi lofanana ndi nambala ya filimu. Pa ISO 400 ndiye 1/500 pa f/16, ndipo makamera ambiri apa afika kale pamapeto mbali zonse ziwiri, palibenso posankha. Shata yakale nayo pa 1/500 imakhala yochedwerapo. Filimu ya ISO 100, monga Fomapan 100 kapena Kentmere 100, imakupatsani 1/125 pa f/16, 1/250 pa f/11, 1/500 pa f/8. Masana ku Chinkhoma nthawi ya msika wa fodya, kapena ku damu la Lifupa, imeneyo ndiyo yoyenera. ISO 400 isungireni m'chigafa, m'tchalitchi ndi madzulo.

Kuchokera pa f/16 ya dzuwa, tsegulani f/11 kukakhala timitambo, f/8 kukachita mitambo, f/5.6 pansi pa mtengo wa mango. Nkhope yakuda padzuwa la masana imafuna kuwonjezera sitepe imodzi, monga kuchoka pa f/16 kufika pa f/11, makamaka munthu akavala chipewa kapena akaima pafupi ndi mkwatibwi wa diresi loyera. Filimu ya negativi imakhululukira kuwala kochuluka, siikhululukira kochepa.

Pa magule ndi pa mpira kabanga kaja simungakapeze msanga. Ikani lenzi ya 50mm pa mamita 5 ndi f/11, zonse za pakati pa mamita 3 ndi 14 zituluka bwino. Gule wamkulu musamuloze kamera musanapemphe kwa akuluakulu a dambwe ndi mfumu. Pojambula chapafupi, kumbukirani kuti diso lanu lili pamwamba ndi pambali pa lenzi. Canonet ndi Yashica zili ndi mizere imene imasuntha yokha kukonza zimenezi, FED 2 ilibe, ndiye pa mita imodzi siyani mpata pamwamba pa mutu. Ndipo poti simuyang'anira mu lenzi, mungamalize filimu yonse chivundikiro cha lenzi chili chitsekere.

Kutsuka

Filimu ya mitundu imatsukidwa ndi mankhwala a C-41 pa 38°C kwa mphindi 3 ndi masekondi 15, ndipo digiri imodzi ikasiyana mitundu imasokonekera. Masitudiyo ambiri anasamukira ku digito, choncho musanagule filimu yotere funsani kaye kumene mukaitsukitse. Yakuda ndi yoyera mungaitsuke kunyumba, ndipo apa mpamene munthu wa ku Kasungu amadziimira payekha.

Mufunika thanki ya Paterson, imene imafuna mamililita 290 pa filimu imodzi, choyezera kutentha, sirinji, ndi mdima weniweni polowetsa filimu, monga chipinda chotseka usiku inu mutafunda bulangeti. Pa mankhwala otulutsa chithunzi pa filimu, D-76 ndi ufa wosavuta kunyamula, koma mukausungunula umatha mphamvu pakapita miyezi, msanga kukatentha. Rodinal ndi wamadzi, amakhala zaka, ndipo pa 1+50, gawo limodzi la mankhwala pa magawo 50 a madzi, mumangofuna mamililita 6 m'madzi 300. HP5 Plus imatenga mphindi 11 pa 20°C. Botolo limodzi la theka la lita likwanira mafilimu opitirira 80, n'chifukwa chake kwa wojambula mwa apo ndi apo Rodinal amapambana, ngakhale amaonetsa njere za filimu kwambiri.

Njira yachitatu ndi khofi. Pa lita imodzi: magalamu 54 a soda wochapira, 16 a vitamini C wa ufa, 40 a khofi wosungunuka, kusakaniza motsatana choncho, mphindi 15 pa 20°C pa filimu ya ISO 100. Soda wophikira therere si yemweyo, koma mukamuwotcha mu uvuni pa 200°C kwa ola limodzi mpaka atapepuka ndi gawo limodzi mwa atatu, amasanduka wochapira. Khofi amanunkha ndipo sasungika, mumasakaniza n'kugwiritsa pomwepo. Fikisa, mankhwala okhazikitsa chithunzi pa filimu, ndiye yekha alibe wolowa m'malo mwake: Ilford Rapid Fixer pa 1+4, mphindi 2 mpaka 5. Muyeseni poviika kansonga ka filimu kamene munadula, onani nthawi imene katenge kuti kayere, n'kuwirikiza kawiri.

Mu Juni ndi Julayi madzi amakhala ozizira okha, koma ayezeni kuti akhale pa 20°C. Mu Okutobala gwiritsani a mumtsuko, kapena tsukani pa 24°C n'kuchepetsa mphindi 11 zija kufika pafupifupi 8. Potsukuluza simufunika mpopi: dzazani thanki, tembenuzani kasanu, tayani, kenako kakhumi, kenako ka 20. Madzi a pamjigo amasiya mabanga oyera filimu ikauma, choncho omaliza akhale osungunula a batire la galimoto, ogula m'sitolo ya masipeya, ndipo werengani botolo kuti musatenge asidi. Yanikani m'bafa mutawaza madzi pansi kuti fumbi ligone, kapegi pamwamba, kena pansi, chitseko chotseka kwa maola awiri kapena atatu.